Chisilamu ndi uchigawenga: mfundo yake idamangidwa pati?

Usiku wina mu June 2003, achitetezo adagogoda pamakomo a anthu asanu muno mu Blantyre. Onse adali obwera: awiri a ku Turkey, mmodzi wa ku Saudi Arabia, wina wa ku Sudan ndi wina wa ku Kenya. Adali anthu odziwika ndithu m'tauni, ena a m'mabungwe achifundo a Chisilamu, ena a zasukulu ndi bizinesi. Tidamva pawailesi kuti akuwaganizira kuti amayendetsa ndalama za gulu la al-Qaeda. Khoti lalikulu lidalamula kuti asatulutsidwe m'dziko muno, boma liwazenge mlandu kapena liwamasule. Lamulolo lidathera papepala. Anthuwo adakwezedwa ndege ali m'manja mwa Amereka. Lachisanu pa 27 June, Asilamu okwiya adakaphwanya katundu kuofesi za Muslim Association of Malawi, ati atsogoleri awo angopinda manja abale awo akutengedwa ngati nkhuku. Ku Mangochi zidafika poipa: matchalitchi asanu adaonongedwa, pamodzi ndi galimoto ya wansembe wa Katolika ndi ofesi za Save the Children. Pampando wa pulezidenti nthawiyo padali Bakili Muluzi, Msilamu.

Ndayambira pamenepa chifukwa ambirife timayesa nkhani ya zigawenga ndi ya pa TV, ya ku Baghdad ndi Kabul. Idafikapo pakhomo pathu, ndipo lero ili kuseri kwa mpanda, ku Mozambique. Bomba likaphulika kwinakwake, mu minibasi ya ku Limbe simulephera wina kufunsa kuti, "Koma Asilamuwa chimawavuta n'chiyani?" Kumbuyo kumakhala bambo wa kachipewa koyera amene amayankha mtima uli m'mwamba: "Amenewo si Asilamu, ndi zigawenga basi." Kondakitala amatolera zake, anthu amatsika pa Chichiri kapena pa Ginnery Corner, nkhani n'kuthera m'malere. Mawu a anthu awiri onsewa ali ngati bulangeti la mwana: ukafunda kumutu, miyendo ili pamtunda.

Wofunsa uja masamu akumutsutsa. Asilamu padziko lonse akuyandikira 2 biliyoni, pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi alionse. Kuno kwathu kalembera wa 2018 adapeza kuti anthu 13.8 mwa 100 alionse ndi Asilamu, ndipo chipembedzochi si mlendo. Jumbe adakhazikika ku Nkhotakota m'ma 1840, mishoni ya Blantyre isadayambe mu 1876. Mbiri yake ya malonda a akapolo ndi yowawa, sitiyibisa, koma ndi nkhani ina. Mafumu a Chiyao monga Makanjira ndi Mponda adalowa Chisilamu chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Chikadakhala kuti Qur'an payokha imabala zigawenga, bwenzi Mangochi, Machinga ndi Balaka akuyaka moto kuyambira makedzana. Senegal, komwe oposa 90 mwa anthu 100 alionse ndi Asilamu, adalamulidwa zaka 20 ndi Mkatolika, Léopold Senghor. Mwambi woti ikaola imodzi zonse zaola ndi wa nsomba za m'dengu, osati wa anthu 2 biliyoni.

Koma bambo wa kachipewa naye sadamalize. Anyamata a al-Qaeda ndi Islamic State amaswali kasanu patsiku, amamanga Ramadan, amatchula ma aya, ndime za m'Qur'an. Kungoti "si Asilamu" kumatonthoza mtima koma sikufotokoza kanthu. Komanso, chodabwitsa n'chakuti kumutulutsa mnzako m'chipembedzo ndi pakamwa pako ndicho chida chenicheni cha zigawengazo. Mwa Chiarabu amati takfir, ndipo amene wamvetsa liwu limeneli wamvetsa theka la nkhani yonse.

Takfir ndi kunena kuti uje, ngakhale akunena shahada (mawu ovomereza chikhulupiriro cha Chisilamu) ndipo akuswali, ndi kafiri. Mtumiki Muhammad adachenjeza kuti munthu akamutcha m'bale wake kafiri, liwulo limagwera mmodzi wa awiriwo, kutanthauza kuti ukanama limakubwerera wekha. N'chifukwa chake mashehe ophunzira amaliopa ngati moto. Oyamba kuseweretsa motowu adatulukira mu 657, pambuyo pa nkhondo ya Siffin. Ali, msuweni komanso mkamwini wa Mtumiki, adavomera kuti mkangano wake ndi Mu'awiya, amene ankalimbana naye pa utsogoleri wa Asilamu, uthe pokambirana. Ena mwa asilikali ake adagalukira, ati kuweruza n'kwa Mulungu yekha, ndipo wovomera chiweruzo cha anthu wasiya chikhulupiriro, magazi ake ndi ololedwa. Adatchedwa Khawarij, kutanthauza otuluka. Adali anthu opemphera kwambiri, owerenga Qur'an usiku wonse. Mu 661 mmodzi wa iwo adatema Ali ndi lupanga mumzikiti wa ku Kufa, n'kumwalira. Taonani bwino: chiyambire, wophedwa woyamba wa maganizo amenewa ndi Msilamu mnzawo. Mpaka lero mashehe ambiri akafuna kutchula Islamic State amangoti ndi Khawarij a masiku ano.

Maganizowa adagona zaka mazanamazana m'mphepete mwa Chisilamu. Chomwe chidawadzutsa m'nthawi yathu ndi ndale, ndende ndi nkhondo. Sayyid Qutb adali mphunzitsi ndi mlembi wa ku Egypt, wa m'gulu la Muslim Brotherhood lomwe Hassan al-Banna adayambitsa mu 1928. Boma la Gamal Abdel Nasser lidamutsekera mu 1954, ndipo m'ndendemo iye ndi anzake adazunzidwa koopsa. Ali momwemo adafika pa mfundo yoti boma lochitira Asilamu zotere silingakhale la Asilamu, ndipo maiko onse, ngakhale odzitcha a Chisilamu, abwerera ku jahiliyya, umbuli wa nthawi ya Mtumiki asadabwere. Kagulu ka osankhika kayenera kuligwetsa dongosolo lonselo. Adamunyonga mu August 1966. Akuluakulu a Brotherhood adawakana maganizowa, koma anyamata ena adawatola. Mmodzi wa iwo, Ayman al-Zawahiri, adali wa zaka 15 zokha. Mu October 1981 a maganizo omwewa adawombera Pulezidenti Anwar Sadat akuonera perete wa asilikali.

Chaka chomwe zinthu zidatembenuka ndi 1979. Ku Iran, Ayatollah Khomeini adagwetsa mfumu n'kuimika boma la mashehe a Chishia, nthambi ya Chisilamu yosiyana ndi ya Asunni. Mu November, gulu la Juhayman al-Otaybi lidalanda mzikiti waukulu wa ku Makka ndi mfuti kwa milungu iwiri, ati banja lachifumu la Saudi lasochera. Mu December asilikali a Soviet Union adalowa mu Afghanistan. Saudi Arabia, pochita mantha ndi Iran komanso ndi otsutsa a m'nyumba mwake, idathira ndalama za mafuta pofalitsa chiphunzitso chake chokhwima, chochokera kwa Muhammad ibn Abd al-Wahhab wa m'ma 1700, kudzera m'mizikiti, mabuku ndi maphunziro aulere. Ndipo ku Afghanistan, America ndi Saudi Arabia ankapereka ndalama ndi zida, akazitape a Pakistan n'kumagawa kwa omenya nkhondo otchedwa mujahideen. Nthawi imeneyo ku Washington ankawatcha omenyera ufulu.

Aluya zikwizikwi adapita kukathandiza nkhondoyo, atakopedwa ndi shehe wa ku Palestine, Abdullah Azzam, amene ankaphunzitsa kuti dziko la Asilamu likalowereredwa, Msilamu aliyense paliponse ali ndi udindo wokamenya, osadikira chilolezo cha boma kapena cha makolo. Mmodzi wa omvera adali Osama bin Laden, mwana wa mpondamatiki wa zomangamanga ku Saudi Arabia. Zoti CIA, bungwe la akazitape a America, inkamulipira iye mwini zilibe umboni, ngakhale zimakambidwa kwambiri pabawo. Chomwe chili choona n'chakuti munda womwe adameramo udathiridwa feteleza ndi maiko amene pambuyo pake adadzalira nawo. Walira mvula walira matope. Al-Qaeda idabadwa mu 1988 ku Peshawar, asilikali a Soviet adatuluka mu February 1989, ndipo padatsala amuna odziwa mfuti, okhulupirira kuti agwetsa chimphona ndi manja awo, ambiri osafunidwanso kwawo.

Iraq italanda Kuwait mu 1990, Saudi Arabia idaitana asilikali a America. Kwa bin Laden uku kudali kudetsa dziko la mizikiti iwiri yopatulika. Adakhala ku Sudan mpaka 1996, kenako adabwerera ku Afghanistan, ndipo mu February 1998 iye ndi Zawahiri adalengeza kuti kupha Amereka, asilikali ndi anthu wamba omwe, ndi udindo wa Msilamu aliyense. Apa mpamene adadumpha mpanda womwe malamulo a Chisilamu adaumanga kalekale. Pa 7 August chaka chomwecho mabomba adaphulika pa ofesi za kazembe wa America ku Nairobi ndi Dar es Salaam. Adafa anthu 224. Amereka adali 12 okha. Otsalawo adali Akenya ndi Atanzania: alembi a m'maofesi, ophunzira, anthu okwera basi, alonda a pageti. Patatha zaka zitatu, pa 11 September 2001, amuna 19, mwa iwo 15 a ku Saudi Arabia, adapha anthu pafupifupi 3,000 ku America.

Zotsatira zake tidazionera tonse. Mu 2003 America idalowa mu Iraq ponena za zida zoopsa zomwe sizidapezeke, kukagwetsa Saddam Hussein amene sadakhudzidwe ndi za 11 September. Mu May chaka chomwecho idathetsa gulu lonse la asilikali a Iraq, amuna mazana a zikwi n'kupezeka pamsewu opanda malipiro koma odziwa komwe kuli zida. M'chipwirikiti chimenecho mudakula Abu Musab al-Zarqawi, amene ankaphulitsa misika ndi mizikiti ya Ashia mwankhanza mpaka Zawahiri weniweniyo adamulembera kalata mu 2005 yomudzudzula. Gulu lakelo ndilo lidadzasanduka Islamic State. Atsogoleri ake angapo adadziwana m'ndende ya Amereka ya Camp Bucca, ndipo ena mwa akuluakulu ake a nkhondo adali asilikali akale a Saddam, anthu amene kale sankadziwika ndi za mzikiti. Mu June 2014 adalanda Mosul, Abu Bakr al-Baghdadi n'kudzitcha khalifa, kutanthauza mtsogoleri wa Asilamu onse. Ufumuwo udatha mu March 2019 ku Baghouz, koma dzina lake lidatsala ngati chikwangwani cha sitolo chomwe magulu a kutali, kuphatikizapo a kuno ku Africa, amapachika pakhomo pawo.

Tsopano funsani: amafa ndani? Lipoti la boma la America lenilenilo la 2011 lidati pomwe chipembedzo cha ophedwa chidadziwika, pakati pa 82 ndi 97 mwa 100 alionse ophedwa ndi zigawenga m'zaka zisanu zapitazo adali Asilamu. Ana oposa 130 a pasukulu ya ku Peshawar mu December 2014 adali Asilamu. Anthu oposa 500 amene adafa ndi bomba la pa lole ku Mogadishu pa 14 October 2017 adali Asilamu. Mwezi wotsatira, oposa 300 adaphedwa akuswali Jumu'a mumzikiti wa al-Rawda ku Sinai, pozengedwa kuti ndi a Chisufi, a mapemphero onga sikiri wa a Qadiriya akuno kwathu. Sindikuchepetsa maliro a Akhristu. Ku Garissa, ku Kenya, mu April 2015, al-Shabaab ya ku Somalia idapha anthu 148 pa yunivesite, ikusankha dala Akhristu. Koma miyezi isanu ndi itatu pambuyo pake, pa basi ya ku Mandera, zigawenga zomwezo zitalamula kuti Asilamu apatuke, Asilamuwo adakana, azimayi n'kubwereka anzawo Achikhristu mipango yakumutu. Mphunzitsi Salah Farah adawomberedwa pamenepo ndipo adamwalira mu January 2016.

Nanga ma aya aja? Alipodi, ndipo kuwabisa n'kunamizana. Sura 9 aya 5 imanena za kupha opembedza mafano paliponse apezeka, ndipo zigawenga zimaikonda kwambiri. Sizikonda kuwerenga aya 4, yomwe ikupatula amene adasunga pangano, kapena aya 6, yomwe ikuti wina wa iwo akapempha chitetezo um'teteze ndi kum'perekeza pamalo pomwe ali wotetezeka. Omasulira amati ndimezi zikunena za mafuko a ku Arabia amene adaswa pangano la mtendere. Sura 2 aya 190 imalola kumenya amene akukumenyani koma imaletsa kupyola malire. Aya 256 ya sura yomweyo imati palibe kukakamiza pa chipembedzo, ndipo sura 5 aya 32 imati wopha munthu mmodzi popanda chifukwa ali ngati wapha anthu onse. Mkhristu wowerenga Baibulo lake asadabwe nazo. Pa 1 Samueli 15 pali lamulo lopha Aamaleki onse mpaka makanda, koma sindidaonepo mkulu wa mpingo wa CCAP akunola chikwanje chifukwa cha ndime imeneyo. Buku limakhala m'manja mwa wowerenga, ndipo wowerengayo ali ndi amene adamuphunzitsa.

Liwu loti jihad limatanthauza kulimbikira pa njira ya Mulungu, kuyambira kulimbana ndi zilakolako zako mpaka nkhondo yeniyeni. Amene amati nkhondo mulibemo akunama. Mafumu akale a Chisilamu adakuza maufumu awo ndi lupanga monga ankachitira mafumu ena a nthawi yawo, ndipo mabuku akale a malamulo ali ndi mitu ya nkhondo ndi ya akapolo. Islamic State idafukula mitu imeneyi pomwe inkagulitsa atsikana a chipembedzo cha Chiyazidi a ku Sinjar, ku Iraq, mu 2014. Komabe mabuku omwewo adaika zingwe: nkhondo amalengeza ndi wolamulira, osati mnyamata aliyense wokwiya, mkazi, mwana, nkhalamba ndi wodzipereka m'nyumba yopemphereramo saphedwa, kudzipha ndi tchimo lalikulu, woopseza anthu m'misewu ndi wachifwamba woyenera chilango chokhwima. Kuvala bomba n'kulowa mumsika kumadula zingwe zonsezi nthawi imodzi. N'zimene mashehe oposa 120 a m'maiko osiyanasiyana adamuuza Baghdadi m'kalata ya September 2014, mfundo ndi mfundo, kuchokera m'mabuku omwe iye ankadzitama nawo. Zaka khumi m'mbuyo mwake, uthenga wa mashehe wa ku Amman, ku Jordan, wa 2004 ndi 2005 udali utaletsa kale takfir pakati pa Asunni, Ashia ndi Aibadi. Amene amafunsa kuti "bwanji Asilamu sadzudzula?" nthawi zambiri ndi amene sadamvepo za makalata amenewa, poti kalata siphulika ndipo TV siithamangira.

Palinso kusokoneza zinthu zitatu zosiyana. Pali munthu wokhwima pa chipembedzo: ndevu zazitali, buluku lolekeza pamwamba pa kakolo, mkazi wake wobisa nkhope. Mkangano wa a Sukuti ndi a Qadiriya pa za sikiri ndi sadaka ya pamaliro ndi wakale kuno, ndipo udagawanitsapo mizikiti ndi mabanja, koma ndi mkangano wa mapemphero. Ambiri mwa okhwima otere padziko, otchedwa a Chisalafi, amaphunzitsa kumvera boma ndipo zigawenga zimadana nawo. Pali wachiwiri, wofuna kuti dziko liyendetsedwe ndi Sharia koma kudzera m'chipani ndi mavoti, monga Ennahda ya ku Tunisia. Mukhoza kutsutsana naye kolimba, koma si woponya mabomba. Wachitatu ndi amene wagamula kuti aliyense wosagwirizana naye ndi kafiri woyenera kufa. Malire a atatuwa nthawi zina amadontha, ndipo chiphunzitso chonyoza anthu a zikhulupiriro zina chimafewetsa nthaka. Koma wapolisi kapena mtolankhani amene amaona ndevu n'kuganiza bomba akugwirira ntchito wachitatuyo, amene uthenga wake wonse ndi woti "sakufunani, bwerani kuno".

Ngakhale pakati pa onyamula mfuti si onse amodzi. Taliban, Hamas ndi Hezbollah nkhondo zawo ndi za dera ndi ulamuliro wa kwawo, pomwe al-Qaeda ndi Islamic State amafuna dziko lonse lapansi, ndipo Islamic State imawatcha a Taliban ndi a Hamas omwe kuti ndi opanduka. Liwu loti chigawenga nalo lili ndi mwini wake. United Nations mpaka lero sidamvane tanthauzo limodzi, ndipo Nelson Mandela adachotsedwa pamndandanda wa America wa oganiziridwa uchigawenga mu 2008, atalandira kale Nobel ndi kupuma pa upulezidenti. Ine muyeso wanga ndi wa kumudzi: amene wapha dala anthu wamba kuti aopseze otsala wachita uchigawenga, kaya wanyamula Qur'an, Baibulo kapena mbendera ya boma. Joseph Kony ankadula anthu milomo akutchula Malamulo Khumi. Anders Breivik adapha 77 ku Norway mu 2011, mzungu wina adapha 51 m'mizikiti ya ku Christchurch mu 2019, ndipo lamba wa bomba adatchuka ndi a Tamil Tigers a ku Sri Lanka, amene sadali Asilamu.

Mphika sukhala pa fuwa limodzi. Chiphunzitso cha takfir ndi fuwa loyamba. Lachiwiri ndi chilonda: dera loiwalidwa, ntchito kulibe, msilikali womenya anthu. Lachitatu ndi wokopa, munthu wa ndalama, mfuti ndi foni, amene amalumikiza ziwirizo. Umphawi pawokha sukwanira, apo ayi bwenzi Malawi ali patsogolo. Bin Laden adali wolemera, Zawahiri adali dokotala wa opaleshoni. Koma asilikali wamba a magulu amenewa kuno ku Africa nkhani yawo ndi ina. Bungwe la UNDP lidacheza ndi anthu pafupifupi 500 amene adalowa okha m'magulu monga Boko Haram ndi al-Shabaab, n'kutulutsa lipoti mu 2017. Mwa 100 alionse, 57 adavomera kuti mabuku a chipembedzo chawo amawadziwa pang'ono kapena sawadziwa n'komwe. Ndipo 71 adati chomwe chidawakankha komaliza ndi zochita za boma, monga kuphedwa kapena kumangidwa kwa m'bale kapena mnzawo. Lipotilo lidapezanso kuti amene adakhalitsa pa maphunziro a chipembedzo sakopeka msanga. Kunena kwina, mwana amene adakhala pansi pa mwalimu wabwino ku madrasa ndi wovuta kumunamiza. Boko Haram ndi chitsanzo chomvetsa chisoni: idali kagulu ka mlaliki Mohammed Yusuf ku Maiduguri, ndipo idasanduka chilombo chomwe chidaba atsikana 276 ku Chibok mu 2014 pambuyo poti apolisi amuphera Yusuf m'manja mwawo mu July 2009, osafika naye kukhoti. Lero likulu la vutoli silili ku Middle East. Mu 2024, oposa theka la anthu onse ophedwa ndi zigawenga padziko adafera ku Sahel, makamaka ku Burkina Faso, Mali ndi Niger.

Mafuwa atatuwa tikuwaona bwino kwa aneba athu. Cabo Delgado ndi chigawo cha kumpoto kwa Mozambique, cha Asilamu ambiri, chosauka koma chokhala pamwamba pa chuma: miyala ya rubi ku Montepuez ndi gasi wa pansi pa nyanja kufupi ndi Palma, komwe kampani ya ku France ya TotalEnergies idakonza ntchito ya 20 biliyoni ya madola. Eni dera ankaona malole akudutsa, ntchito zikupita kwa a ku Maputo ndi akunja. Kumayambiriro kwa 2017 okumba rubi pawokha adathamangitsidwa mwankhanza. Nthawi yonseyi kudali kutamera kagulu ka anyamata omvera maulaliki a Aboud Rogo, shehe wa ku Mombasa amene adaphedwa mu 2012. Ankalowa mumzikiti ndi nsapato ndi mipeni, kuletsa ana kupita kusukulu za boma, kutcha makolo awo ndi mashehe achikulire kuti makafiri. Ankakopa anzawo ndi ngongole za mpamba wa geni ndi malonjezo a ntchito. Oyamba kukanena kuboma kuti kwabuka chinthu choopsa adali mashehe a konko, ndipo sadamveredwe mokwanira.

Pa 5 October 2017 anyamata pafupifupi 30 adathira nkhondo mapolisi a ku Mocímboa da Praia. Anthu akumeneko amawatcha al-Shabaab, kutanthauza achinyamata, ngakhale si nthambi ya a ku Somalia aja. Boma lidayankha ndi kutseka mizikiti ndi kumanga anthu mwachisawawa, kenako lidalemba ganyu asilikali a Wagner a ku Russia mu 2019, amene sadakhalitse. Chaka chomwecho Islamic State idayamba kunena kuti anyamatawo ndi ake. Mu August 2020 adalanda doko la Mocímboa da Praia, ndipo pa 24 March 2021 adalowa mu Palma, TotalEnergies n'kuimitsa ntchito. Asilikali a Rwanda ndi a SADC adafika mu July 2021, ndipo msonkhano womwe udaonjezera nthawi ya asilikali a SADC mu January 2022 udachitikira ku Lilongwe. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi adathawa m'midzi yawo, ambiri a iwo Asilamu, ena atadzionera abale awo akudulidwa mitu. Chakumapeto kwa 2021 zigawengazo zidafika m'boma la Mecula ku Niassa, chigawo chomwe chimachita malire ndi Mangochi ndi Machinga, komwe Ayao a mbali ziwiri amakwatirana ndi kuyenderana pamaliro kudzera pa Chiponde. Chaona mnzako chapita. Ife amene tidasunga Amozambiki pafupifupi miliyoni imodzi nthawi ya nkhondo ya Renamo tikudziwa kuti malire amenewa ndi mzere wa papepala.

Magazi a Amalawi adakhetsedwa kale pa nkhondo imeneyi, kungoti kutali. Mu November 2018, kufupi ndi Beni ku DRC, asilikali athu asanu ndi mmodzi adaphedwa polimbana ndi gulu la ADF, lomwe chaka chotsatira Islamic State idalitcha nthambi yake. Mmodzi wa iwo, Private Chancy Chitete, adawomberedwa akupulumutsa mnzake wovulala wa ku Tanzania, Corporal Ali Khamis Omary, amene adachira. Mu May 2019 United Nations idapereka kwa banja lake mendulo yake yapamwamba ya kulimba mtima. Menduloyo ili m'dzina la Captain Mbaye Diagne, msilikali wa ku Senegal amene adapulumutsa anthu mazanamazana ku Rwanda mu 1994, Msilamu wopemphera.

Kuno kumudzi tili ndi zathu zotipweteketsa mutu. Tidakanganapo za Bible Knowledge m'sukulu mu 2000. Mu 2019 nkhani ya hijab pasukulu ya mishoni ku Balaka idafika poswa mawindo ndi kutseka sukulu, mpaka Public Affairs Committee, momwe mwakhala maepiskopi, abusa ndi mashehe a Muslim Association of Malawi ndi a Qadria pamodzi, idayanjanitsa mbali ziwirizi ndi pangano la mu 2021. Zotere zimatha chifukwa pali bwalo lokambirana, komanso chifukwa mabanja athu ndi osakanikirana. Ku Ndirande kapena ku Bangwe si zachilendo kuti pamaliro amodzi kwaya ya Mvano ikhale mbali ino, abale a makanzu mbali iyo, ndipo mbuzi ya paukwati wa Mkhristu aitanira Msilamu kudzazinga kuti onse adye. Chomwe chimandidetsa nkhawa ine si ndevu kapena nikabu. Ndi mnyamata wa MSCE amene wakhala zaka zisanu pa siteji akuitanira minibasi, foni ili m'manja, maulaliki a anthu osawadziwa akulowa pa WhatsApp, ndiye wina n'kumuuza kuti kuli ntchito ya usodzi kapena sikolashipu kutsidya kwa malire. Ndi tsiku lomwe boma, pochita mantha kapena pofuna kusangalatsa opereka thandizo, lidzagwire anthu mwachisawawa kumzikiti n'kuponda lamulo la khoti.

Tidayesapo kale zimenezo. Anthu asanu aja a mu June 2003 adatengedwa kutangotsala milungu iwiri kuti George W. Bush ayambe ulendo wake wa ku Africa. Mabanja awo muno mu Blantyre adakhala mwezi wathunthu osadziwa komwe ali. Chakumapeto kwa July adatulukira ku Khartoum, atamasulidwa, popanda mlandu uliwonse wowazenga kukhoti lililonse. Ku Mangochi, Akhristu amene sadamangepo munthu adali akusonkherana ndalama za mawindo a matchalitchi awo.